Kulandira alendo ku mapanga a Chongoni popanda kuwononga zojambula zake

M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 amene anthu akale anajambulapo zithunzi pamiyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira ndi za Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, anthu amene ankadalira ulenje ndi zipatso za m'tchire. Zoyera, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali, miyambo yopempha mvula ndi Gule Wamkulu. Alendo ndi ofunika chifukwa amasiya ndalama m'deralo, koma utoto ukasupuka pamwala palibe mmisiri amene angaubwezeretse. Malangizo awa ndi opita kwa mafumu, makomiti a m'midzi ndi achinyamata operekeza alendo, amene pafupifupi tsiku lililonse amakhala pafupi ndi mapangawa kuposa mkulu aliyense wa ku likulu.

Ntchito iyambe ndi kusankha malo oti aonetsedwe. Palibe chifukwa choti mlendo afike pa malo onse 127, ndipo amene amadziwika kale, monga Chentcherere, Mphunzi ndi Namzeze, ndi okwanira kumuonetsa zofiira ndi zoyera zomwe. Phanga limene utoto wake wayamba kukanganuka, kapena limene ndi lopanikiza moti munthu sangaime osakhudza mwala, lisiyidwe, ndipo njira yake isalengezedwe pa intaneti. Posankha pakhale mfumu ya dera, akuluakulu a kudambwe, anamkungwi ndi ogwira ntchito ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Ena amaona ngati kuitana anamkungwi ndi mwambo chabe wopereka ulemu, koma akulakwitsa. Zithunzi zina zili ndi tanthauzo limene limauzidwa kwa ometa okha, choncho eni mwambo ndiwo anene zimene woperekeza angafotokoze ndi pamene ayenera kulekezera. Mlendo akauzidwa mwaulemu kuti nkhaniyi ili ndi malire ake, kawirikawiri sakhumudwa, ndipo amazindikira kuti waima pa malo amene eni ake akadalipo.

Malo akasankhidwa, ganizirani za pansi musanaganize za pamwala. Dothi la m'phanga limasunga mapale, timiyala tosongoka tomwe tinali zida, mafupa ndi phulusa, zosanjikizana molingana ndi nthawi imene zinagwera. Katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark atakumba ku Chentcherere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dothi lotere ndi limene linamuuza za anthu amene ankakhalamo. Mapazi ambiri amasokoneza kasanjidwe kameneka, komanso amautsa fumbi limene limakamatirira pa zithunzi mpaka kuziphimba. Lambulani kanjira kamodzi kokha, kokhotakhota pokwera phiri kuti madzi a mvula asakasandutse chigwembe, ndipo pamaso pa zithunzi ikani mzere wa miyala kapena kamtanda kakafupi, pa mtunda woti munthu akatambasula mkono asafike pamwala. Musakumbe maenje a mizati kapena kuthira simenti m'phanga. Zimbudzi, poimika galimoto ndi misika ya ziboliboli zikhale kumunsi kwa phiri.

Gulu lolowa nthawi imodzi likhale lochepa, loti woperekeza athe kuona manja a aliyense. Anthu 10 ndi okwanira pa phanga lalikulu, ndipo ana asukulu akabwera pa basi agawidwe, ena adikire pamthunzi ndi mphunzitsi wawo. Amene akuganiza kuti kuchulukana kulibe vuto amve za phanga la Lascaux ku France. Linapezeka mu 1940, linatsegulidwa kwa alendo mu 1948, ndipo pofika 1963 boma linalitseka chifukwa mpweya ndi chinyezi cha anthu zinabweretsa ndere pa zithunzi. Kuyambira 1983 alendo akhala akuona phanga lochita kupanga lofanana nalo. Mapanga a ku Dedza ndi otseguka, mphepo imadutsa, choncho vuto lake si mpweya ayi koma manja, madzi, fumbi ndi moto.

Malamulo anenedwe gulu lisanayambe kukwera, pamodzi ndi zifukwa zake, chifukwa munthu amasunga msanga lamulo limene walimvetsa. Chala chimasiya thukuta ndi mafuta pa utoto. Kuwaza madzi pa chithunzi kuti chioneke bwino pojambula ndi chizolowezi choipa kwambiri, pakuti madziwo amasungunula dothi loyera, ndipo akamauma amasiya mchere umene umasupula pamwamba pa mwala. Moto wosonkhedwa m'phanga umadetsa denga ndi mwaye ndi kung'amba mwala. Kulemba dzina ndi khala, choko kapena penti, komanso kutola phale kuti likhale chikumbutso, ndi kuswa lamulo la dziko loteteza malo ndi zinthu zakale. Woperekeza akhale woyamba kusunga zonsezi: aloze chithunzi ali patali, asachigogode ndi ndodo, ndipo mlendo akamulonjeza kangachepe kuti anyowetse mwala, akane.

Mukapeza kuti wina walembapo dzina lake, musafulumire kukwecha ndi sopo, mchenga kapena palafini, chifukwa wochotsa mosadziwa amawononga kuposa wolembayo. Jambulani malowo, lembani tsiku, kenaka dziwitsani a boma kuti atumize wodziwa ntchitoyo. Kujambulaku kukhale kwa nthawi zonse: kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndiponso ikatha, imani pamalo amodzimodzi ndi kutola chithunzi cha mwala uliwonse pa foni, kuti kusintha kochepa kumene diso silingakumbukire kuonekere poyerekeza.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya ndalama, ndipo apa ndi pamene ntchito yonse imaima kapena kugwa. Mpanda wa waya umadulidwa usiku umodzi, koma mudzi umene ukupindula ndi phanga umadziwa amene wakwera phiri ndi nkhwangwa. Operekeza alendo achokere m'midzi yoyandikana, asinthanesinthane kuti mwayi usakhale wa banja limodzi, ndipo atsikana asasiyidwe, makamaka pamene zithunzi zili za chinamwali. Mtengo ulembedwe poonekera, mlendo apatsidwe lisiti, ndipo komiti iziwerenga poyera pa msonkhano wa mudzi ndalama zimene zalowa ndi zimene zagwiritsidwa ntchito. Gawo lina lisungidwe kuti lizilipira olambula kanjira ndi olima mizere yotchinga moto nyengo ya chilimwe isanafike. Mitengo yozungulira phanga imatchinga dzuwa, mphepo ndi mvula yowomba pamwala, choncho wootcha makala m'nkhalango ya Chongoni amawononga zithunzi ngakhale asanazionepo. Kumuletsa chabe sikukwanira ngati alibe pena popezera chakudya, ndipo ndi bwino kuti iyeyo akhale m'gulu la oyamba kupatsidwa ganyu ya kanjira kapena ya ulonda.

Zithunzi zoyerekeza zija zikaonetsa kuti utoto ukuchepa, mwala wang'ambika kapena dothi la pansi likukokoloka, phangalo litsekedwe kaye ndipo alendo atengeredwe kwina. Chimodzimodzinso eni mwambo akapempha kuti malo ena asafikidwe pa nthawi ya mwambo. Komiti igwirizane pasadakhale kuti ndani ali ndi mphamvu yotseka, iuze msanga makampani obweretsa alendo ku Lilongwe ndi malo ogona alendo a pa boma pa Dedza, ndipo operekeza a phanga lotsekedwalo apatsidwe masiku ogwira ntchito pa mapanga amene akadali otsegula.