Mmene Mungaunikire Dera la M'mphepete mwa Mzinda Musanagulemo Nyumba

Musanagule nyumba m'dera latsopano, yambani mwafufuza amene anakonza pulani ya dera lonselo, kaya ndi khonsolo kapena kampani yomanga nyumba. Kampani imapeza phindu pa ploti iliyonse imene yagulitsa, choncho kawirikawiri siisiya malo okwanira a sukulu, chipatala ndi bwalo losewererapo ana pokhapokha lamulo litaikakamiza.

Pitani ku ofesi ya mapulani ya khonsolo mukapemphe mapu ovomerezeka a deralo, ndipo muone ngati malo a zinthu zimenezi analembedwapo. Lonjezo la wogulitsa lakuti sitolo ndi sukulu zikubwera musalidalire ngati silikuoneka pamapuwo.

Kenaka yendani wapansi kuchokera pakhomo la nyumbayo kukafika kusukulu ya pulayimale ndi pokwerera basi. Mu 1929, katswiri wa mapulani a mizinda wa ku America, Clarence Perry, analangiza kuti sukulu izikhala pakati pa dera, pamtunda wa mamita pafupifupi 400 kuchokera kunyumba zakumapeto, ndipo muyezo umenewu ndi wothandizabe. Mayendedwe amasiyanitsa kwambiri madera. Ku Levittown, m'chigawo cha New York, kampani ya Levitt and Sons inamanga nyumba zoposa 17,000 pakati pa 1947 ndi 1951, zotsika mtengo ndithu, koma moyo wa kumeneko unadalira galimoto. Ku Vällingby, dera la m'mphepete mwa mzinda wa Stockholm ku Sweden, khonsolo ya mzindawo inali mwini malo, ndipo sitima inayamba kufika mu 1952, pakati pa deralo pasanatsegulidwe mu 1954, moti masitolo ndi nyumba zosanja zinamangidwa mozungulira siteshoni. Izi sizikutanthauza kuti boma sililakwitsa, pakuti alipo madera amene boma linamanga kutali ndi ntchito, anthu n'kuvutika chimodzimodzi.

Chimene ndikuona kuti ogula ambiri amachinyalanyaza ndi umwini wa misewu, ngalande ndi mapaipi a zonyansa. Funsani ngati khonsolo inavomera mwalamulo kuzitenga ndi kumazisamalira, chifukwa ngati sinatero, kampani ikagulitsa nyumba yomaliza n'kuchoka, okonza maenje a mumsewu mudzakhala inu ndi oyandikana nawo, ndi ndalama za m'thumba mwanu. Ngati n'kotheka, pitaninso kumaloko mvula itangogwa kumene, muone kolowera madzi, ndipo musuzumire m'ngalande ngati mwadzaza mchenga ndi zinyalala. Yankho la khonsolo pa nkhani ya misewuyi likhale lolembedwa, ndipo mulisunge pamodzi ndi chikalata cha umwini wa nyumbayo.