Musanamugulire mapadi mwana wanu wa mapatini, yambani mwaona pomwe amagwera

Makolo anzanga, ndati ndilembeko izi chifukwa amayi angapo andifunsa kale kuti zovala zotetezera thupi akagwa, zija timati mapadi, zomwe mwana wanga amavala akamasewera ndidazisankha bwanji. Mtsikana wangayu ali ndi zaka 11 ndipo mtima wake wonse uli pa masewera ovina pa ayezi aja amati figure skating, adawaonera pa foni basi kuyambira pamenepo nkhani ndi yomweyo. Kuno ku Tete mukudziwa nokha, mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, bwalo la ayezi tilibe, ndiye iye amaphunzira pa mapatini, nsapato zija za matayala anayi, pa simenti ya bwalo la basiketi, ayezi weniweni amakamupondako pa holide ya Disembala akapita kwa amalume ake ku Johannesburg komwe mabwalo otere alipo. Ndipo musaone ngati mapatini ndi chinthu chachilendo m'dziko lathu lino, timu ya Mozambique ya hokei wa pa mapatini idafika pa nambala 4 pa mpikisano wa dziko lonse ku San Juan, Argentina mu 2011.

Chinthu choyamba musathamangire ku loja. Dikirani mwana asewere kaye pang'onopang'ono sabata imodzi kapena ziwiri ali ndi helemeti kumutu, inu mukhale pambali muziona mmene akugwera, madzulo posamba muone pomwe pada kapena pasupuka. Ana sagwa mofanana ayi. Wongoyamba kumene nthawi zambiri mapazi amathawira kutsogolo iye nkukhala pansi ndi matako kapena kumenyetsa nkhongo, pomwe amene wayamba kudumpha amagwera chammbali pa fupa la m'chiuno ndipo kawirikawiri imakhala mbali imodzimodzi tsiku ndi tsiku chifukwa amazungulira mbali imodzi. Wangayu atayamba kuyeserera kudumpha, mbali ya kumanja ndi yomwe inkada bii, kumanzere kulibe kanthu. Ine ndinali nditagula kale kabudula wa siponji yokhuthala kumatako koma m'mbali mwake mopyapyala, ndalama zija zidangopita pachabe ndipo mwana adavutika mwezi wathunthu osandiuza poopa kuti ndimuletsa kusewera. Zidandiwawa kwambiri nditadziwa.

Ndiye pa kabudula wa mapadi ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Kabudulayu amakhala wothina ngati wa anthu opalasa njinga, mkati mwake adasokeramo zidutswa za siponji yolimba ija amati EVA, m'mbali ziwiri za chiuno ndi pa kafupa ka kumapeto kwa msana. Mukamugwira finyani siponjiyo ndi zala ziwiri, ngati zala zikukumana mosavuta ndiye kuti ndi ya matiresi imeneyo, siteteza kanthu, yabwino imakana kaye kenako nkubwerera mwakale mukaisiya. Pali ena a gel omwe ndi opyapyala, amalowetsedwa mkati mwa taiti ndipo amamatirira pakhungu, awa osewera pa ayezi amawakonda poti saoneka komanso salemetsa thupi pozungulira, koma kuno kotenthaku thukuta likachuluka amatha kutsetsereka nkuchoka pamalo pake. Palinso mtundu wina wodula wotchedwa D3O, wa olenji, umakhala wofewa ukauvala koma umalimba nthawi yomwe wamenyedwa. Ndi wabwino ndithu koma mwana amene akukula chaka ndi chaka ine sindingakulimbikitseni kutayirapo ma meticais ambiri chonchi, EVA yabwino ikukwanira.

Chachikulu kuposa mtundu wa siponji ndi saizi. Tengani tepi ya atelala muyeze chiuno ndi pamatako potambalala kwambiri, lembani masentimita ake mu foni, makamaka ngati mukutuma wachibale kuti akaguleko ku Maputo, ku Lilongwe kapena ku Joni. Ife timakonda kugulira ana zazikulu kuti akuliremo, pa yunifolomu ya sukulu zimatheka koma apa ayi ndithu, padi yokhwepa imasuntha nthawi yomwe mwana ali m'malere ndipo akafika pansi fupa limakumana ndi simenti padi ili kwina. Akavala muuzeni anjute mpaka pansi, akweze mwendo kumbuyo, adumphe katatu, kenako gwirani ndi dzanja muone ngati siponji idakali pamwamba pa fupa lija lotuluka m'mbali mwa ntchafu kumtunda. Ngati yatsika kapena yapita kumbuyo bwezani. Ndipo ngati mwana akulephera kupinda bwino maondo chifukwa cha kukhuthala, imeneyonso ndi ngozi ina, pa masewerawa munthu wosapinda maondo ndi amene amagwa kwambiri.

Za maondo zimatengera pomwe akusewera. Pa simenti pakufunika mapadi okhala ndi chigoba cha pulasitiki cholimba kunja, kuti akagwa atsetsereke osati khungu kutsalira pansi, chimodzimodzinso a m'zigongono. Pa ayezi ndi zosiyana, kumeneko amavala ofewa ngati a osewera volebo aja chifukwa ayezi ndi woterera kale ndipo chigoba chimangosokoneza podzuka ndi popinda mwendo. Wangayu ali ndi mitundu yonse iwiri, a volebowo ndidawapeza m'kaunjika pamtengo wochepa ndipo akugwirabe ntchito.

Manja musaiwale. Munthu akamagwa amatsogoza manja osaganiza nkomwe, ndipo pa mapatini a matayala kuthyoka pa mfundo ya dzanja ndi kuvulala kodziwika kwambiri. Gulani zotetezera dzanja zokhala ndi kapulasitiki kolimba kunsi kwa chikhatho, ndipo ngati zili ndi kena kumtunda ndi bwino koposa. Yang'anani pa kalebulo ngati alembapo EN 14120, umenewo ndi muyezo wa ku Ulaya wa zotetezera manja, zigongono ndi maondo pa masewera a matayala. Pa ayezi ambiri amangovala magolovesi, kuteteza kuzizira komanso zala poti pansi pa nsapato zija pali mpeni wachitsulo ndipo anzake amadutsa pafupi iye ali pansi.

Helemeti, kapena kapaseti mmene ena timanenera kuno, ndi chinthu chokhacho chomwe ndikupemphani kuti mugule chatsopano. Mkati mwake muli siponji youma ngati ija amatchingira ma TV m'katoni, ikamenyedwa mwamphamvu kamodzi imaphwanyika mkati ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino, ndiye ya m'kaunjika simungadziwe kuti idakumana ndi zotani. Sankhani yozungulira yotsika kumbuyo mpaka kuphimba nkhongo, ngati ija amavala a skateboard, osati ya njinga yosongoka kumbuyo, chifukwa mwana akagwa chagada amatha kumenyetsa nkhongo. Mkati muone ngati alembamo EN 1078 kapena ASTM F1492, imeneyo ndi miyezo ya chitetezo cha helemeti. Ya njinga yamoto musamupatse, ndi yolemera pa khosi la mwana ndipo saona bwino m'mbali. Yezani mutu ndi tepi pamwamba pa nsidze, akavala pakhale mpata wa zala ziwiri kuchoka pa nsidze kufika pa helemeti, lamba wa pachibwano alole chala chimodzi chokha, apukuse mutu, isagwedere. Tsitsi nalonso liganizireni, mwana akamangitsa mameshi akuluakulu helemeti imakhala pamwamba ngati dengu, ife masiku osewera timangoluka mizere yogona. Ndipo akamenyetsa mutu nkuyamba kusanza, chizungulire, kusokonezeka kapena mutu kupweteka osasiya, thamangani naye kuchipatala ngakhale anali atavala helemeti.

Akakufunsani kuti bwanji a pa TV aja savala zonsezi, muuzeni kuti pa mpikisano amaonetsa zomwe adaziphunzira zaka zambiri, koma pophunzira kudumpha kwatsopano ambiri amavala mapadi mkati mwa zovala. Kudumpha kuja amati Axel, dzina lake lidachokera kwa Axel Paulsen wa ku Norway amene adakuchita koyamba mu 1882, munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo nkuzungulira kamodzi ndi theka nkutera chammbuyo ndi mwendo umodzi, palibe amene amakudziwa asanagwe kambirimbiri. Wangayu nditamufotokozera izi manyazi ovala kabudula wotupa uja adatha.

Kanthu kena kakang'ono, nsapato za masewerawa ndi zolimba ndipo zimatupitsa matuza pa akakolo ndi pamwamba pa phazi pomwe zingwe zimafinya. Pali timasokosi ta gel tovala pa kakolo, mukatipeza gulani, mukalephera sokosi yopyapyala yosapindika mkati ndi kachidutswa ka siponji pansi pa lilime la nsapato zimathandiza.

Kasamalidwe kake kuno kwathu ndi nkhani ya dzuwa ndi thukuta. Mapadi akangovulidwa atulutseni m'chikwama, chapani ndi manja m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, yanikani pamthunzi osati pa malata kapena pa mwala wotentha, siponji ikapsa ndi dzuwa imauma nkuyamba kusweka. Helemeti musaisiye m'galimoto yotseka masana. Anzathu a ku Ulongwe ndi ku Tsangano kozizira kuja mwina ana angapirire kuvala zonsezi masana, koma ife a mumzinda muno mphepete mwa Zambezi timapita ku bwalo m'mamawa 6 koloko kapena dzuwa likapendeka, ndi botolo la madzi, chifukwa mwana akatenthedwa chinthu choyamba chomwe amavula ndi mapadi omwewo.

Ngati ndalama sizikukwana kugula zonse kamodzi, yambani ndi helemeti ndi za m'manja, mwezi wotsatira maondo, kabudula adikire mpaka ayambe kudumpha. Lamba wa velcro akatha mphamvu pitani nazo kwa atelala akusokereni wina, ine ndasinthitsa kawiri kale pa mapadi a maondo omwewo ndipo chigoba chake chidakali chabwino.