Starlink kapena mamega a pafoni? Yezani izi kaye musanatulutse ndalama

Chiyambireni Starlink, intaneti ija yochokera ku masetilaiti, kugwira ntchito mu Mozambique muno mu 2023, funso lomwe anthu akumafunsana ku Ulongue, ku Furancungo, mpaka ku Fingoe ndi loti kodi ndigule ka dishi kaja kapena ndizingopitiriza kugula mamega ngati kale. Ambiri akumangoyang'ana spidi basi, wina akawonetsa foni yake kuti onani ikuthamanga bwanji nde aliyense mtima dyokodyoko. Koma ine ndimati spidi muziyiwona pomaliza. Yambani ndi malo omwe mukukhala, kenako magetsi, kenako ndalama yomwe mungamatulutse mwezi ndi mwezi osadumphitsa.

Intaneti ya pafoni, kaya ndi Vodacom, Movitel kapena Tmcel, imachokera pa antena ija mumayiwona pa phiri kapena pa msika, nde mukatalikira kapena phiri likatchinga rede imafooka. Starlink imachokera ku masetilaiti omwe akuzungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, ilibe nazo ntchito zoti antena ili kuti, chomwe imafuna ndi thambo loonekera bwino ndi magetsi. Masetilaiti akale aja a VSAT amakhala kutali kwambiri, makilomita pafupifupi 36,000, nchifukwa chake mukamayimba mawu ankachedwa kufika, koma awa ali pafupi nde kuyimba pa WhatsApp kumayenda bwinobwino.

Nde poyambira ndi apa. Pezani ma SIM a makampani onse atatu, olo kubwereka kwa anzanu, muyeze pakhomo panu penipeni pomwe mukufuna kumagwiritsira ntchito, osati pa msika, osati kwa neba wa kumtunda. Madera ngati Tsangano ndi Angónia ndi a mapiri ndi zigwa, nyumba ina imagwira 4G yodzadza pomwe ina kutsidya kwa dambo lomwelo ikungowona ka E. Yang'anani chilembo chomwe chili pamwamba pa foni, ngati ndi 4G kapena LTE muli pabwino, H+ ndi yongokwanira ma WhatsApp ndi Facebook, E ndiye musavutike nayo. Ngati muli ndi Android lowani mu settings pomwe pali za SIM, muwona nambala ya dBm yosonyeza mphamvu ya siginolo, ikakhala cha m'ma -90 ndi yabwino, ikadutsa -110 ndi yofooka. Kenako tsegulani fast.com kapena Speedtest muwone spidi yake. Chofunika kwambiri ndi nthawi yomwe mukuyeza, osayeza mmawa wokha ayi, yezaninso cha m'ma 7 mpaka 9 usiku pomwe aliyense wabwera kumunda ali pa TikTok, chifukwa antena imodzi imagawira anthu onse nde usiku ndi pomwe mumaidziwa zoona zake. Yezaninso tsiku lomwe magetsi azima dera lonse, muwone ngati rede ikukhalapobe kapena imapita limodzi ndi magetsiwo. Kumidzi kwambiri Movitel ndi yomwe inafika patali chiyambireni mu 2012, koma musangotengera mbiri, pakhomo panu pakhoza kukhala posiyana.

Inu a mmalire, cha ku Calomue, Biri-Biri kapena Zobue, samalani kuti foni isamathawire yokha ku TNM kapena Airtel ya ku Malawi, zimitsani data roaming ndipo sankhani netiweki pamanja musanayeze, apo ayi muziti rede yathu ndi yoipa pomwe foni ikulimbana ndi antena ya tsidya lina.

Mukapeza kuti 4G ilipo koma ndi yofooka, musathamangire dishi. Apa ndi pomwe anthu ambiri akutaya ndalama ndipo zimandipweteka kuwona. Malata ndi makoma a njerwa amadya siginolo kwambiri, foni yomwe mkati ikuwonetsa kamzere kamodzi mukatuluka panja nkukwera pa chulu imatha kuwonetsa itatu. Gulani rauta ya 4G yolowetsa SIM, makamaka yomwe ili ndi timabowo tolumikizira antena ya panja, muike antenayo pa mtengo wa bulugama kapena paipi yayitali kupitirira denga, muilozetse komwe kuli antena ya kampani nkumaitembenuza pang'onopang'ono wina ali mkati akuwerenga nambala ya dBm ija mpaka itakoma. Chingwe chisatalike kwambiri chifukwa siginolo imathera mu chingwemo. Zonsezi mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi kit ya Starlink, ndipo rautayo imadya magetsi ochepa, ka batire kakang'ono ka sola kamaiyendetsa tsiku lonse.

Koma kuli malo ena komwe olo mukwere mtengo wautali bwanji simupeza kanthu, mkati mwa Chifunde, Marávia, Zumbo ndi midzi ina ya ku Macanga. Kumeneko nkhani ndi ina, dishi ndiye njira yake, ndipo kwa aphunzitsi, a zaumoyo, a mishoni kapena ogula mbewu omwe amatumiza malipoti tsiku ndi tsiku, palibenso chokambirana. Chomwe muyenera kukonza ndi magetsi.

Tiyeni tiwerengere limodzi chifukwa ogulitsa sakonda kunena izi. Dishi yaikulu ija ya Standard imadya ma watts pakati pa 75 ndi 100. Tingotenga 75, mukaisiya yoyaka usana ndi usiku ndi 1.8 kWh pa tsiku, pa mwezi 54 kWh, amene muli pa magetsi a EDM mudzaziwona pa mita ya Credelec kuti mayunitsi akutha msanga. Amene muli pa sola ndiye mvetserani, batire ya 12V ya 100Ah imasunga ma watt-hour 1,200, koma ngati ili ya mtovu wamba ija simuyenera kuitsitsa kupitirira theka apo ayi ifa msanga, nde muli ndi 600 basi, gawani ndi 75 mupeza maola 8, chotsaninso zomwe invetala imadya yokha, simunayatse babu simunatchaje foni. Starlink Mini imadya pakati pa 25 ndi 40, batire yomweyo imatha kuikoka maola oposa 15, komanso imalola magetsi a DC ngati a mu batire nde mukapeza chingwe choyenera invetala simuifuna. Kwa munthu wa kumudzi wa sola ine ndingati Mini, olo WiFi yake siifika patali ngati ya yaikulu ija. Ndipo kumbukirani miyezi ya June ndi July ku mapiri a Angónia ndi Tsangano kumachita chifunga ndi mitambo, mapanelo sadzadzitsa batire ngati mmene amachitira mu October.

Musanagule tsitsani kaye app ya Starlink pafoni, ndi yaulere, ili ndi poyezera zotchinga. Mumaima pomwe mukufuna kuika dishi nkuzunguliza kamera kumwamba, imakuwuzani ngati mtengo wa mango kapena denga la neba likutchinga. Musapeputse zimenezi, nthambi imodzi yokha imapangitsa kuti intaneti izidukaduka, pa YouTube simungazindikire koma pa Zoom kapena poyimba vidiyo mudzatopa nazo. Mvula yamphamvu ya December mpaka February imaifooketsa kapena kuidula kwa kanthawi kenako imabwerera yokha mtambo ukadutsa. Chowopsa ndi mphenzi, kukayamba kung'anima zulani pa soketi. A ku Tete mtauni ndi ku Moatize komwe October amadutsa madigiri 40, dishi inapangidwa kuti ipirire mpaka 50, koma musaigoneke pa malata otentha, ikwezeni pa chitsulo mphepo izidutsa pansi, rauta ikhale mkati pamthunzi.

Tsopano ndalama. Kit imadya ma meticais zikwi makumi angapo, kenako mwezi uliwonse zikwi zingapo, mitengo yake imasinthasintha nde onani pa tsamba lawo tsiku lomwe mukufuna kugula. Ndalama ya kit si imene imavuta kwenikweni, munthu akagulitsa fodya, soya kapena kachewere amatha kuipeza kamodzi. Chovuta ndi January ndi February, feteleza wadya zonse, ana akufuna za kusukulu, dishi ikufunabe ndalama yake yonse. Pomwe mamega mumagula molingana ndi thumba, lero a 20, mawa a 100, sabata yovuta osagula. Komanso konzani khadi la kubanki lolipirira pa intaneti, recarga mumaipeza pa banca iliyonse kapena pa M-Pesa ndi e-Mola koma Starlink mumalipira pa akaunti yanu. Nde tengani kope mulembe ndalama zonse zomwe nyumba yanu ikuwononga pa mamega mwezi wathunthu, aliyense, bambo, mayi, ana. Ngati ndinu a WhatsApp ndi Facebook basi mupeza kuti simukufika olo theka la ndalama ya Starlink. Koma ngati mumawonera mavidiyo, ola limodzi la YouTube yowoneka bwino limadya pafupifupi giga imodzi, anthu asanu mnyumba tsiku lililonse ma giga amathamanga, apo dishi imayamba kutchipa. Chimodzimodzi pa sukulu pomwe aphunzitsi nyumba zawo zayandikana, kapena pa shopu yopanga mafotokope ndi kutumiza ma dokumenti. Kungoti ngati maganizo anu ndi ogulitsa WiFi kwa anthu, dziwani kuti phukusi la pakhomo sililola kugulitsanso, ndipo za matelefoni muno amayang'anira ndi INCM, kafunseni kaye musanapachike chikwangwani.

Pogula samalani ndi ma kit olowa chozemba kuchokera ku Malawi kapena Zambia. Akaunti imamangidwa ku dziko lomwe inalembetsedwa, mukaigwiritsa ntchito kunja kwa dzikolo nthawi yayitali amatha kuidula. Ya kaunjika nayo, mwini wake woyamba ayenera kuichotsa pa akaunti yake ndipo asakhale ndi ngongole, apo ayi simungailembetse m'dzina lanu, musapereke ndalama mpaka mutaiwona ikugwira pa akaunti yanu ndi imelo yanu.

Olo mugule dishi SIM musataye. Starlink siyikupatsani nambala ya foni, ma SMS a kubanki ndi timakodi totsimikizira WhatsApp timabwerabe pa SIM, ndipo WiFi imathera pabwalo, mukapita kudimba kapena mukakwera chapa wa ku Tete mudzafunabe mamega. Nde powerengera ndalama ya mwezi ikani zonse ziwiri, ya dishi ndi ya ka recarga ka panjira.