Kupeza nthawi imene dzuwa lafika paliwombo kuno ku Mzuzu

Mufunika ndodo yowongoka yotalika mita imodzi, chingwe, msomali ndi foni imene imatenga nthawi yake ku netiweki. Sankhani malo osalala bwino pabwalo. Apa mpamene ambiri amalakwitsa, chifukwa mabwalo athu ku Chiputula kapena ku Zolozolo ndi otsetsereka, ndipo pamalo opendekeka muyeso wonse umawonongeka. Ngati muli ndi mnzanu womanga nyumba, mubwerekeni levulo. Zikani ndodoyo, kenaka lendewetsani kamwala pachingwe pambali pake kuti muone ngati yaima chilili.

Cha m'ma 9 koloko m'mawa, ikani chizindikiro pamene chithunzithunzi cha ndodo chathera, mulembe nthawi yake. Mangani chingwe patsinde la ndodo, msomali kunsonga inayo, mujambule mzere wozungulira wodutsa pachizindikirocho. Chithunzithunzi chifupika, kenaka chiyambanso kutalika. Madzulo, nsonga yake ikangokhudza mzerewo, lembaninso nthawi. Pakati penipeni pa nthawi ziwirizi mpamene dzuwa linali paliwombo. Ine sindikonda njira yodikira kuti chithunzithunzi chifupikitsitse, chifukwa masana chimasintha pang'onopang'ono kwambiri moti maso sangasiyanitse.

Musayembekezere 12:00. Nthawi ya dziko lathu inawerengedwa potengera mzere wa pamapu wa madigiri 30 kummawa, pomwe Mzuzu ali pa madigiri pafupifupi 34. Digiri iliyonse ndi mphindi 4, choncho dzuwa limatifika msanga ndi mphindi 16, ndipo mwachidule masana athu amagwa cha m'ma 11:44.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri nchakuti ngakhale 11:44 imeneyo sikhazikika. Kumayambiriro kwa Novembala mupeza cha m'ma 11:28, pomwe pakati pa Febuluwale mupeza cha m'ma 11:58. Kusiyana kwa theka la ola, ndodo yomweyo, bwalo lomwelo! Zifukwa zake nziwiri. Njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa si yozungulira ndendende, ndiye mu Januwale, pamene tili pafupi ndi dzuwa, dziko limathamanga kuposa mu Julaye. Komanso dziko ndi lopendekeka ndi madigiri 23.4. Maola 24 a pawotchi ndi avereji chabe ya masiku onse a pachaka. Dzuwa limafika paliwombo pa 11:44 yeniyeniyo kanayi kokha pachaka: pakati pa Epulo, pakati pa Juni, kumayambiriro kwa Sepitembala, ndiponso cha pa Khirisimasi.

Yambani mu Sepitembala, kumwamba kukakhala koyera. Mitambo ndi mvula yamawawa ya kuno zimavutitsa miyezi ina. Yesani kamodzi pamwezi, muzilemba m'kope. Ana asaphonye masiku a cha pa 23 Okutobala, pamene dzuwa limadutsa pamutu penipeni pa Mzuzu, chithunzithunzi nkutsala pang'ono kuzimiririka patsinde la ndodo.

Patsamba lomwelo muzilembanso mmene wotchi yanu yapamkono yasiyanirana ndi foni. M'kati mwa wotchi ya batire muli kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pasekondi, ndipo wotchiyo imangowerenga kunjenjemerako. Kamwalako kamamva kuzizira, moti wotchi yosiyidwa pawindo usiku wa mu Juni imatsalira pang'ono. Musathamangire nayo kwa okonza mawotchi mumsika ngati yangotaya masekondi angapo pamwezi, umo ndi mmene inapangidwira.

Nthawi ya pafoni imachokera ku mawotchi a atomu. Kuyambira mu 1967, sekondi imodzi ndi kunjenjemera 9,192,631,770 kwa cheza cha atomu ya chitsulo chotchedwa caesium. Mawotchi amenewa ndi okhazikika kuposa kuzungulira kwa dziko lenilenilo, kotero kuti kuyambira mu 1972 akatswiri akhala akuwonjezera sekondi imodzi nthawi zina kuti ziwirizi zisatalikirane. Achita zimenezi ka 27, komaliza pa 31 Disembala 2016.