Wailesi ya agogo yayamba kumveka masana

Agogo ankadandaula kuti wailesi yawo ya shortwave, yogwira mawailesi akutali, masana imangosokosa, pomwe usiku imamveka bwinobwino. Mabatire anali atsopano. Vuto linali bandi, kutanthauza chigawo cha mafunde chomwe wailesi yatcheredwapo.

Mafunde ochokera kutali amakagunda ionosphere, mpweya wa m'mwamba kwambiri, n'kubwerera pansi. Koma dzuwa likatuluka limapanga gawo la D, makilomita 60 mpaka 90 m'mwamba, lomwe limameza mafunde otsika ngati a 6 MHz, omwe ndi a bandi ya mamita 49, koma okwera ngati a bandi ya mamita 19 kapena 16 siliwameza kwambiri. Usiku gawoli limazimiririka.

Ndiye ndinalemba kapepala n'kumata pawailesipo: masana bandi ya mamita 19 kapena 16, usiku 49 kapena 41. Ndinamangiriranso waya wautali ku eriyo n'kuukoleka mumtengo wa mango, tchaja ya foni n'kuichotsa pafupi chifukwa imalowetsa phokoso. Pano BBC akuimva ngakhale dzuwa lili paliwombo.