Kugwirira ntchito pakhomo: mmene ndimakonzera tsiku langa

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono. Makasitomala anga ndi eni magolosale, ogulitsa simenti ndi malata, komanso Amalawi ena okhala ku Johannesburg ndi ku London amene ali ndi malonda kuno kwathu. Kuyambira 2020, pomwe Covid-19 inabalalitsa anthu m'maofesi, ndimagwirira kunyumba kuno ku Chilomoni. Anzanga amene angoyamba kumene amakonda kundifunsa kuti ndimatha bwanji, poti iwo dzuwa limangowalowera asanagwire chogwirika. Ndimawauza kuti kuno kwathu tsiku la munthu wogwirira pakhomo silikonzedwa poyang'ana wotchi yokha. Limakonzedwa poyang'ana magetsi ndi anthu.

Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, choncho madzi akachepa kapena zinyalala zikatseka makina, timadziwira m'nyumba mwathu momwemu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita nthawi yopitirira chaka zinthu zisanabwerere mwakale. Amene tinkagwirira pakhomo nthawi imeneyo tinaona tokha kuti munthu wodikira magetsi ayake kaye, ntchito yake siitha.

Njira yake ndi iyi: gulani kope lachikuto cholimba. Lamulungu madzulo, mukaona ndandanda wa kuthima kwa magetsi m'dera lanu ngati watuluka, tsegulani masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere lembani ntchito zonse za mlunguwo zofuna kompyuta ndi intaneti. Kumanja lembani zimene mungagwire ndi manja, cholembera ndi foni basi. Kwa ine tsamba lakumanja limadzaza ndithu: kusanja malisiti potsata masiku, kuwamata pamapepala, kuwonkhetsa ndi kakyuleta, kuimbira anthu angongole a makasitomala anga, kulemba lipoti pamanja ndisanalitayipe. Magetsi akangothima, ndimatseka laputopu kuti batire ndisungire zadzidzidzi, n'kutembenukira kumanja. Akayaka, ndimasiya zonsezo pomwepo n'kugwira ntchito yolemera kwambiri ya tsamba lakumanzere. Kusita ndi kuphika pa hotipuleti zimakukopani magetsi akangobwera, koma zovala mungathe kusita usiku, pamene lipoti la mwini golosale likufunika lero.

Matchaja onse akhale pamalo amodzi, pa chingwe chimodzi chokhala ndi chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa nthawi yomwe akuyaka kumene ndi yomwe zipangizo zimapsa. Foni, power bank ndi laputopu zizigona zili pamenepo kuti ngakhale magetsi abwere pakati pa usiku, kuche zonse zitadzaza.

Amene mukuganiza zogula batire ndi inverter, chipangizo chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, werengerani kaye musanatulutse ndalama. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga mphamvu yokwana 1,200Wh, kutanthauza mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ikakhala ya mtovu, ija yofanana ndi ya galimoto, musamaidye kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse. Ndiye muli ndi 600Wh. Laputopu wamba ndi router, kabokosi kogawa intaneti, pamodzi zimadya mawati pafupifupi 60, ndipo inverter nayo imadyako yake, ndiye muyembekezere maola asanu ndi atatu kapena kucheperapo pang'ono. Limenelo ndi tsiku lathunthu la ntchito. Koma wina akangolumikizapo ketulo kapena ayironi, zomwe zimadya mawati opitirira 1,000, batireyo itha musanamalize n'komwe kumwa tiyi. Uzani onse a m'nyumba kuti soketi imeneyo ndi ya ntchito yokha.

Za intaneti sindichulukitsa. Ndili ndi layini ya Airtel ndi ya TNM, poti netiweki iliyonse ili ndi malo ndi nthawi yomwe imagwira bwino, ndipo ndinayenda ndi foni m'nyumba monse mpaka kupeza windo lomwe imakoka kwambiri. Bandulo ya ntchito ikhale payokha, ana asaonerepo makatuni. Pa kompyuta ya Windows, tcherani kuti intaneti yanu ndi metered connection, kutanthauza ya bandulo yokhala ndi malire, apo ayi kompyutayo idzayamba kudzikonza yokha n'kumeza bandulo yonse inu musakudziwa. Pa WhatsApp zimitsani zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzitsitsa zokha. Pamsonkhano wa Zoom, yatsani kamera popereka moni, kenako pemphani kuti muzimitse. Mawu okha sadya zambiri ndiponso saduladula. Google imapereka malo aulere okwana 15GB, omwe ndi ambiri kwa munthu wosunga zikalata, ndipo Google Docs, pulogalamu yolembera zikalata, mungathe kuitchera kuti muzilemba popanda intaneti, iyo n'kudzatumiza yokha netiweki ikabwera.

Chovuta chenicheni ndi anthu, ndipo pano ndikhalitsapo. Kwathu kuno munthu amene ali pakhomo masana amaonedwa ngati wangokhala. Sachita izi mwa nkhanza ayi. Anazolowera kuti wantchito amadzuka, kusamba, kukwera minibasi. Ndiye mlamu amaimba kuti, "Poti muli pakhomo, mukandilandirireko katundu ku depoti." Aneba amabwera kudzabwereka sefa n'kukhala pansi kufotokoza za ku tchalitchi. Mwana akaweruka kusukulu amafuna muone kope lake pompo. Aliyense amatenga mphindi zochepa, koma ntchito ya manambala ukaisiya pakati umayambiranso pamwamba.

Musadikire kuti munthu akusokonezeni ndiye muzimuuza, chifukwa nthawi imeneyo mawu amatuluka owawa ndipo amamveka ngati mwano. Muuzeni pa nthawi yabwino, mutakhala pansi. Apongozi anga atabwera kudzakhala nafe, ndinawapeza pakhonde madzulo n'kuwauza kuti, "Amayi, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko ndimakhala ndili kuntchito, ngakhale muzindiona m'nyumba muno. Ndalama ya ufa ndi ya mankhwala anu imachokera pathebulo paja. Ikakwana 12 koloko ndituluka, tidyere limodzi, mundiuze zonse." Anayankha kuti, "Ndamva mwanangu, ukanapanda kunena ndikanadziwa bwanji?" Kuchokera tsiku limenelo ndi iwo amene amalandira alendo pakhonde n'kuwauza kuti ndili pantchito. Chinathandiza n'chakuti sindinangowaletsa, ndinawapatsa nthawi yawoyawo, ndipo nthawi imeneyo ndimaisunga. Mukalonjeza 12 koloko n'kutuluka 2 koloko, mawa sadzakukhulupiriraninso.

Ana samva za maola, amamva zooneka ndi maso. Ndili ndi chitenje chofiira chomwe ndimakoleka pachitseko. Chikakhala pamenepo, amadziwa kuti agogode pokhapokha wina wavulala kapena chinthu chikupsa. Ndikachichotsa amalowa mmene akufunira. Wamng'ono ndinamuuza kuti, "Iwe, ukaona nsalu iyi usunge nkhani yako, ndidzaimva yonse ikachoka," ndipo amabweradi nayo nkhaniyo itakula. Ndimasambanso ndi kuvala ngati ndikupita ku tauni. Munthu wovala zogonera ndi duku lakumutu amavuta kumukhulupirira kuti ali kuntchito, ndipo naye mwini thupi limamuuza kuti akagonenso.

Mlendo wochokera kutali ndi nkhani ina. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo ine sindingalangize munthu kuti abisale m'chipinda wina akuodira panja. Tulukani, mulonjereni bwinobwino, mupatseni mpando ndi madzi, mumve ngati kuli kwabwino. Ngati si zadzidzidzi, nenani mosabisa kuti, "Pepani achimwene, ndili ndi ntchito ya eni ake yofunika masana ano. Pumulani kaye, ndikupezani ikamakwana 12 koloko." Anthu ambiri sakhumudwa ndi zimenezi. Chimene chimawapweteka ndi kucheza nawo maso ali pa foni.

Ndiye pali maliro ndi matenda. Izi sizilembedwa pandandanda, ndipo simungakane kupita kusiwa kwa aneba chifukwa cha lipoti. Mawa zikakugwerani ndi omwewo adzakugonereni panja. Njira yake ndi kusiyiratu mpata. Ine Lachisanu masana sindiikapo ntchito iliyonse. Mlungu ukayenda bwino, ndimapuma kapena kupita ku msika. Kukagwa zovuta Lachiwiri, ntchito ya Lachiwiri imasamukira pamenepo. Komanso ntchito yomwe ndikudziwa kuti nditha kumaliza Lachitatu, kasitomala ndimamuuza kuti alandira Lachisanu. Ena amati kumeneko n'kudzichepetsera msika, koma ine ndaona kuti mwini bizinesi amakonda munthu amene akanena tsiku limakhala lomwelo kusiyana ndi wolonjeza mawa n'kubwera ndi pepani.

Kwa amayi anzanga ndinenepo ichi, chifukwa chimandikhudza. Mkazi akamagwirira pakhomo, ntchito zonse za m'nyumba zimamugwera ngati kuti ya ndalamayo ndi yongoseweretsa. Kambiranani ndi bambo a kunyumba ndiponso ana okulirapo, mugawane zochita momveka: wotsuka mbale, wokatenga wamng'ono kusukulu, wogula makala. Ndiwo za masana ndimakonzeratu m'mamawa kuti 12 koloko ingokhala yophika nsima. Kuchapa kuli ndi tsiku lake, ndipo ndikaona dengu la zovala ladzaza Lachitatu ndimalidutsa.

Malo ogwirira safuna chipinda chapadera. Langa ndi thebulo laling'ono pakona ya chipinda chogona, pafupi ndi windo kuti ndiziona bwino magetsi akathima, koma loyang'ana kukhoma kuti ndisamaone odutsa mumsewu. Laputopu ndinaikweza pa mabuku kuti khosi lisamapweteke, ndipo kumsana ndimatsamira kapilo. Pabedi musagwirirepo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kukafika pachimake, ntchito yofuna mutu ndimayamba 5 koloko m'mawa, nyumba ili zii, masana n'kusiyira zopepuka. Laputopu ndimaifunditsa kansalu ndikamaliza, poti fumbi la chilimwe likalowa mkati imayamba kutentha ndi kulira.

Mapepala ndi amene amasokoneza anthu ambiri. Kasitomala aliyense ali ndi envulopu yake yaikulu, ndipo zonse zimakhala m'bokosi lapulasitiki lotseka, chifukwa katoni nthawi ya mvula imakoka chinyezi ndiponso mphemvu ndi chiswe zimaikonda. Malisiti a m'mashopu, aja a pepala loterera, amafufutika okha pakapita miyezi, makamaka akakhala potentha. Ajambuleni ndi foni tsiku lomwelo. Pa kompyuta, dzina la fayilo liziyamba ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako mwini wake ndi chomwe chili mkatimo, mwachitsanzo 2024-03-15 golosale malisiti. Mukatero mafayilo amadzisanja okha potsata masiku, ndipo simutaya theka la ola kufunafuna. Lachisanu lililonse ndimakopera zonse pa fulashi ndi pa intaneti, poti laputopu ikabedwa kapena kufa, ntchito ya eni ake isapite nayo.

Ndalama za ntchito zisasakanikirane ndi za pakhomo. Malipiro onse amalowa pa nambala imodzi, ya Mpamba kapena ya Airtel Money, ndipo ya tomato ndi mayunitsi a magetsi imachoka pa inayo. Ndalama ikalowa ndimalemba m'kope nthawi yomweyo, n'kupatula gawo la msonkho wa ku MRA ndi la bandulo ndisanakhudze yotsalayo. Pakhomo ndalama imasungunuka msanga chifukwa aliyense wofuna kanthu amakupeza uli pompo.

Foni nayo ili ndi nthawi zake. Magulu a WhatsApp a kubanja, a kumpingo ndi a anzanga a kusukulu ndinawatseka mawu, ndipo ndimawaona pomwa tiyi, pa nkhomaliro ndi poweruka. Abale apafupi amadziwa kuti zikakhala zadzidzidzi aimbe, asalembe. Makasitomala ali ndi nambala yawo pa WhatsApp Business, pomwe ndinalembapo maola anga ogwirira ntchito. Amene muli ndi makasitomala akunja, dziwani kusiyana kwa nthawi. Johannesburg, Lusaka ndi Harare tili nawo pa nthawi imodzi chaka chonse. Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi. London ali pambuyo pathu ndi maola awiri, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amasintha mawotchi awo, kusiyana n'kukhala ola limodzi. Poitanitsa msonkhano muzilemba nthawi zonse ziwiri, yawo ndi yanu.

Kuweruka n'kovuta kuposa kuyamba, chifukwa palibe minibasi yoti muithamangire. Ine 5 koloko ikakwana ndimasiya. Ndisanatseke kope ndimalemba ntchito yoyamba ya mawa ndi pomwe ndalekezera, mwachitsanzo kuti malisiti a simenti ndafika pa 18, kuti m'mawa ndisayambe ndi kudzifunsa. Kasitomala wa ku London akamaweruka 5 koloko kwawo m'nyengo yawo yozizira, kuno imakhala 7 koloko usiku, nthawi ya chakudya ndi homuweki ya ana. Ndinamuuza pachiyambi pomwe kuti uthenga wobwera nthawi imeneyo ndimauyankha 8 koloko m'mawa, iye asanadzuke n'komwe, ndipo anavomera. Kumapeto kwa mwezi kokha, potseka mabuku, ndi pomwe ndimagwira mpaka usiku, ndipo a m'nyumba ndimawauziratu kudakali masiku awiri kuti aphike okha.