Filimu yonse papepala limodzi: mmene ndimachitira ndi manegetivu a bambo

Bambo atamwalira tinapeza m'sutikesi yawo yachitsulo maenvulopu opitirira 60, aja ankapereka kusitudiyo ukapita kukatsukitsa zithunzi. Zithunzizo zinapita kale ndi achibale, aliyense ankangosolola chomwe wamuonekera bwino. Zotsala zinali manegetivu okhaokha, Kodak Gold, Fujicolor ndi Konica, odulidwa zithunzi zinayizinayi. Ndinayesa kumawaunika pawindo, koma nkhope ya munthu panegetivu imakhala yoyera ngati mzukwa, diresi loyera n'kukhala lakuda. Patatha ola limodzi maso anali akuwawa ndisanazindikire ndi mmodzi yemwe.

Akatswiri a zithunzi anali ndi njira yawo kuyambira kale. Ankayala filimu yonse papepala lotsukira la mainchesi 8 kwa 10, kutsindira ndi galasi, n'kuwalitsa kamodzi. Pepalalo limatchedwa contact sheet: tizithunzi tonse ta filimu imodzi, kukula kwake mamilimita 24 kwa 36 monga tilili panegetivu, pamodzi ndi manambala a m'mphepete. Ine ndimapanga chimodzimodzi, kungoti ndi sikana ndi kompyuta.

Choyamba, musataye nthawi ndi sikana ya muofesi, ija yophatikiza ndi pulinta. Imeneyo imawalitsa kuchokera pansi, pomwe negetivu imafuna kuwala kodutsa mkati mwake. Mufunika sikana yokhala ndi nyali m'chivundikiro. Yanga ndi Epson V600 yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe achimwene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Mukatsegula, chotsani chiguduli choyera chija cha pansi pa chivundikiro kuti nyali ionekere. Vuto lake V600 imawalitsa kampata kopapatiza, pafupifupi masentimita 7 mulifupi, ndiye mumalowa mizere iwiri yokha ya filimu nthawi imodzi, mothinana. Amene ali ndi V700 kapena V850 alibe vutoli: galasi lawo limawala mainchesi 8 kwa 10, filimu yonse imalowa ulendo umodzi.

Sikanayi imabwera ndi chimango chapulasitiki choikamo filimu. Pa ntchito iyi ine sindichigwiritsa, chifukwa chimaphimba m'mphepete momwe muli manambala, ndiyetu manambalawo ndi amene ndikufuna. Ndinachigoneka pakatoni yakuda yopyapyala, n'kujambula malire ake, n'kudula windo lalikulupo, kuti katoniyo igwire ntchito m'malo mwa chimango. Samalani ndi kabowo ka kumtunda kwa chimangocho. Sikana imayezera kuwala pamenepo isanayambe, choncho pakatoni yanu kabowoko kakhalepo ndipo pasagwere kanthu. Tsiku loyamba nsonga ya filimu inaloŵerera pamenepo ndipo sikani yonse inatuluka ndi mizere kuyambira kumtunda mpaka kumunsi; ndinayamba kunena achimwene mumtima kuti andigulira chakufa.

Filimu gwirani m'mbali, kapena valani magolovesi a thonje. Fumbi uzirani ndi kampira kouzira magalasi a kamera, osati ndi pakamwa. Mukaona tinthu ngati mizu yoyera pafilimu, ndi chuku chimenecho, chinaloŵa nthawi ya dzinja. Musayerekeze kutsuka ndi madzi, chifukwa pomwe chuku chadya chithunzi chimasungunuka n'kuchoka. Ingopangani sikani mmene ziliri.

Filimu ili ndi mbali yonyezimira ndi mbali yosanyezimira, komwe kuli chithunzi chenichenicho. Mukaika yonyezimira pagalasi pamatuluka timizere tozungulira ngati mafuta a galimoto m'chithaphwi. Ndiye yosanyezimirayo ndiyo iyang'ane pansi. Zilembo zituluka chagada ngati pakalilole, koma izi mukonza pakompyuta. Mzere wopindika ndimaupanikiza kunsonga ndi ndalama zachitsulo, pomwe palibe chithunzi.

Tsopano pomwe pagona nkhani. Mu Epson Scan, pulogalamu yoyendetsera sikanayi, sankhani Professional Mode, pa Document Type ikani Film, ndipo pa Film Type ikani Positive Film ngakhale mwaika negetivu. Mukapanga Preview musalole Thumbnail, chifukwa pulogalamuyo imadula chithunzi chilichonse pachokha n'kuchikonza kuwala mwa nzeru zake. Sankhani Normal, kokani bokosi limodzi lozungulira mizere yonse iwiri. Kenako pa Configuration, pansi pa Color, ikani No Color Correction. Zimitsaninso Digital ICE, yomwe imafufuta yokha zipsera za fumbi ndi zokalika pachithunzi. Imachedwetsa, ndipo pafilimu ya black and white imaononga chithunzi. Cholinga n'chakuti filimu yonse ilandire kuwala kofanana. Chithunzi chomwe bambo anajambula mumdima wa m'tchalitchi chioneke chakuda, chomwe anawalitsa kwambiri pabwalo la mpira chioneke choyereratu. Mukalola makina kuti azikongoletsa chimodzichimodzi, mudzasankha negetivu yoipa poganiza kuti ndi yabwino.

Ine ndimaika 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse). Kachithunzi kalikonse kamatuluka mapikiselo pafupifupi 850 kwa 570, okwanira kuzindikira nkhope ndi kuona ngati munthu anaphethira. Ndinayesapo 2400, koma sikani imodzi inkatenga nthawi yoti ukhoza kutereka tiyi, ndipo magetsi akazima pakati umayambiranso. Sungani ngati TIFF (mtundu wa fayilo ya chithunzi), fayilo iliyonse mukangomaliza. Filimu ya zithunzi 24 yodulidwa zinayizinayi ndi mizere isanu ndi umodzi, kutanthauza maulendo atatu.

Kulumikiza ndimachita mu GIMP, pulogalamu yaulere. Tsegulani tsamba latsopano la A4 choimirira pa 600 dpi, lomwe ndi mapikiselo 4961 kwa 7016. Lowetsani masikani atatu aja ndi Open as Layers, atembenuzeni agone chopingasa, muwagadabuze ndi Flip kuti mawu oti KODAK aŵerengeke bwino, n'kuwandanda motsata manambala. Filimu ya 36 imafuna tsamba lotalikirapo; mudzalichepetsa posindikiza. Mukatha phatikizani zonse ndi Flatten Image musanakhudze mtundu uliwonse.

Negetivu ya makala (ya zithunzi za mitundu) imakhala ndi utoto wa olenji paliponse, ndipo mukangoitembenuza zonse zimasanduka zabuluu. Yambani ndi Levels, yomwe ili pansi pa Colors: tengani kachida kosankhira poyera, dinani m'mphepete mwa filimu pakati pa zithunzi ziŵiri, pomwe pali olenji wopanda chithunzi. Pamenepo payera. Tsopano pitani pa Colors, sankhani Invert. M'mphepete muja muda bii, manambala awala, ndipo anthu aoneka ngati anthu. Ngati tsamba lonse lili lotuwa, sunthani kampanda ka pakati mu Levels kamodzi kokha, kwa tsamba lonse. Makala sakhala olondola ndendende, kaŵirikaŵiri amapendekera kubuluu. Ine ndimawasiya choncho. Chithunzi chomwe ndachikonda ndimadzachipanga sikani pachokha, m'chimango chake, pa 2400.

Pomaliza lembani nambala pamwamba pa tsambalo, monga 017, ndipo nambala yomweyo ikhale dzina la fayilo komanso ilembedwe ndi pensulo paenvulopu. Mukadumpha apa ndiye kuti mwangovutika chabe. Ndimasunga TIFF, n'kupanganso JPEG yaing'ono yotumiza pa WhatsApp.

Tsamba 017 ndinatumizira azakhali ku Zomba. Usiku womwewo anaimba foni. "Iwe, kulitsa nambala 14. Wavala duku lobiriŵira kumbuyo kwa mkwatibwiyo ndi mayi ako, nthawi imeneyo bambo ako asanawafunsire n'komwe." Ndinawafunsa kuti nanga bwanji mayi akuoneka pa 14, 15, 16 ndi 19, pomwe mkwati ali pa chithunzi chimodzi chokha. Azakhali anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti nditumize 018.